Ndasaina nawo, munda uja usapite

Ndangofika kumene kuchokera ku msonkhano wa pa holo ya tchalitchi kuno ku England, kufupi ndi mzinda wa St Albans, nsapato zidakali ndi matope. Anthu anadzaza mpaka ena kuima pakhomo. Nkhani yake ndi ya munda wa tirigu uja ndimadutsamo m'mawa ndikaweruka ntchito ya usiku, umene kampani ina ikufuna kumangapo nyumba mazanamazana. Agogo ena aakazi oyendera ndodo anaimirira kuti afotokoze momwe anaphunzitsira adzukulu awo mayina a mbalame pakanjira komweko, koma mawu anawathera pakhosi. Ine misozi inalengeza m'maso.

Malowa ali mu Green Belt, lamba wa minda ndi nkhalango wozungulira London, amene anaikidwa kuti mzinda usamangomeza midzi. Pano boma likufuna nyumba zatsopano 1.5 miliyoni, ndipo kuyambira Disembala 2024 malo ena akuwatcha grey belt kuti kumangapo kuphweke. Vuto la nyumba ndikulidziwa bwino, lendi imandidyera theka la malipiro. Koma zimene anationetsa pamapulani zija zambiri si za anthu ngati ine. Ndi zimanyumba za magalimoto awiriawiri pakhomo, pomwe msewu ndi umodzi womwewu, ndipo kuti tionane ndi dokotala timadikira kale masabata.

Ndinakulira ku Ndirande, ndinaona phiri likumetedwa mpala mtengo umodziumodzi ife tikungoyang'ana. Ulendo uno ayi. Ndasaina kalata yokana yopita ku khonsolo, ndipo Loweruka ndikayenda nawo khomo ndi khomo. Abale anga amene muli kuno, ndiuzeni ndikubweretsereni pepala musaine nanunso.