Puloti ya eni pa poti 5000

Nditauza amalume kuti ndaphunzira masoketi, m'mawa mwake ndinapeza maekisitenshoni atatu opserera akundidikira pakhonde. Ndinafotokoza kuti anga ndi a m'kompyuta, khomo lomwe pulogalamu imatsegula kuti ilankhule ndi inzake. Anagwedeza mutu ngati amva, koma maekisitenshoniwo sanawachotse.

Ndinati ndiwaonetse. Amalume ali ndi golosale pa Kamuzu Road kuno ku Salima, ndipo amakhalira kukuwira msuweni wanga yemwe amasunga katundu kuseri: "Shuga watha! Sopo!" Ndinalemba kapulogalamu ka Python koti azingotumiza uthenga. Seva, pulogalamu ya mbali yanga, imachita bind (kudzimangirira) pa poti 5000, yomwe ndi nambala ya khomolo, listen (kumvetsera), kenako accept (kulandira), n'kukhala duu kudikira mlendo. Pulogalamu ya msuweni ntchito yake ndi connect (kugogoda pakhomopo) basi. Pa laputopu yanga zinkayenda myaa.

Loweruka, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, makasitomala anaunjikana kudzaona. Msuweni anafunsa adilesi, ine monyadira: 127.0.0.1.

"Connection refused." Kulumikizana kwakanidwa.

Anayesanso, chimodzimodzi. Ndinayesa pa yanga, zinatheka. Thukuta kamukamu.

Abale inu, 127.0.0.1 ndi dzina lomwe kompyuta iliyonse imadzitcha yokha. Zili ngati wakabaza akufunse kolowera, iwe n'kuyankha kuti "kwathu", iye n'kukupalasira kwawo. Laputopu ya msuweni inkagogoda pakhomo pake pomwe! Seva yanganso ndinaimangirira pa nambala yomweyo, moti inkangomva a m'nyumba okhaokha.

Ndinakonza, manja akunjenjemera: bind pa 0.0.0.0 kuti seva imvenso akunja, msuweni ndinampatsa adilesi ya pa hotspot yoyamba ndi 192.168. Kuzimitsa seva, kuyatsanso.

"Address already in use."

Amalume anafunsa tanthauzo. Mphunzitsi wina amene anabwera kudzagula mchere anamasulira kuti adilesiyo ili kale ndi mwini wake.

"Aaa mphwanga, akugulitsa puloti ya eni? Ndimayesa zimenezo n'za ku Senga Bay kokha!"

Golosale yonse inafa nacho chiseko. Ndinali nditaiwala SO_REUSEADDR, lamulo lolola seva kugwiritsanso ntchito poti yomweyo nthawi yomweyo, ndipo popanda iyo Linux imagwira potiyo masekondi 60 ukadula kulumikizana. Sindinkadziwa kuti mphindi imodzi imatalika chonchi.

Poti itamasuka, ndinalemba uthenga woyamba: "Shuga." Ndisanadine, amalume anatembenukira kuseri n'kukuwa kamodzi kokha. Belo la shuga linatera pakauntala.

Kenako anapisa pansi n'kutulutsa ekisitenshoni yachinayi.

"Iyi yokha ndi ya abusa. Uyambire imeneyi."