Sabata yokonza boti lopulumutsira anthu m'chigwa cha Shire

Boti la panyanja limafuna mimba yosongoka yodula mafunde. Koma ku Nsanje ndi Chikwawa, Shire ndi Ruo zikasefukira monga zidachitira pa namondwe Freddy mu 2023, boti limayenda pamwamba pa minda, zitsa, malata ndi waya, pena pamadzi olekeza m'mawondo. La mphira limabooka msanga m'malo otere, choncho tidasankha aluminiyamu ndi pansi pafulati.

Lolemba lidathera pa masamu. Botilo ndi lotalika mamita 5, pansi pake mamita 4.5 m'litali ndi 1.5 m'lifupi, kutanthauza kuti makilogalamu 67 alionse amalimiza sentimita imodzi. Boti lokha ndi makilogalamu 250, injini ndi mafuta 100. Munthu timamuwerengera 90, osati 75, chifukwa wothawa madzi sabwera chimanjamanja: ali ndi mwana kumbuyo, thumba la chimanga, mwinanso mbuzi. Anthu 8 akakwera, limamira masentimita 16.

Lachiwiri ndi Lachitatu kudali kudula ndi kuwotcherera: aluminiyamu wa mtundu wa 5083, wochindikala mamilimita 4 pansi, 3 m'mbali, nthiti pa masentimita 40 alionse. Kuwotcherera mzere wautali kamodzi kumapinda chitsulo, ndiye timawotcherera pang'onopang'ono, uku kenako uko. Tikatha timathiramo madzi n'kuyang'ana kunsi ngati pakudontha.

Lachinayi ndi la foam, chinthu chopepuka chonga siponji choyandamitsa boti, ndipo mpamene pagona moyo wa anthu. Ambiri amakonda kuiyala pansi pa popondapo chifukwa mpamene pali malo. Boti lotere likadzaza madzi silimira, inde, koma limatembenuka, popeza choyandamitsa chili pansi ndipo cholemera chili pamwamba. Ife tidaika malita 400 a foam yosamwa madzi m'mbali cham'mwamba, m'mipando, ndi yambiri kumbuyo komwe kuli injini, kuti likadzaza lisatembenuke anthu ali momwemo. Kunja tidazunguliza chingwe chogwirira. Pokwerera tidapaika kutsogolo, potambalala moti machira n'kulowa, chifukwa anthu amantha akakangamira mbali imodzi, m'mphepete mumamwa madzi.

Lachisanu tidaliyesa pamtsinje ndi matumba a mchenga, poyamba pakati, kenako theka lake mbali imodzi. Lidapendekeka koma madzi sadalowe. Chidavuta ndi injini, ya mahatchi 30: namasupuni adakulunga pulopela, matope n'kutseka polowera madzi oziziritsa. Woyendetsa aziyang'anitsitsa kamadzi kotuluka kumbuyo kwa injini. Kakasiya, azimitse pomwepo, apo ayi impeller (kachipangizo ka mphira kopopa madzi oziziritsawo) ipsa, injini nayo itsatira. M'bokosi la zida tawonjezeramo impeller ndi pulopela zapadera, chikwanje, nkhafi ziwiri ndi mtengo wautali wokankhira.

Kwa oyendetsa talemba langizo limodzi pambali pa injini: munthu ali mumtengo kapena padenga mumufikire kuchokera kumunsi kwa madzi, mutu wa boti utaloza komwe madzi akuchokera. Mukadzera kumtunda, madzi amalikanikiza cham'mbali pamtengo n'kuligudubuza.