Lachitatu: magazi ochokera kuchigwa cha Luangwa

Mvula inagwa usiku wonse, moti m'mawa basi yochokera kwathu ku Chawama inachita kuzungulira kuthawa matope mpaka kukatulukira mu Kafue Road. Nditafika ku labu ndinapeza timabotolo ta chimbudzi tandandalikidwa kale patebulo. Dzinja ndi mmene limakhalira kuno. Pansi pa Lusaka pali miyala ya laimu ya ming'alu yambiri, ndiye zimbudzi zokumba zikasefukira ku Kanyama, ku Misisi ndi kwathu komwe, zonyansa zimalowa msanga m'zitsime zosazama. Anthu amangoopa kolera, makamaka pokumbukira muja odwala anadzaza ku Heroes Stadium kumayambiriro kwa 2024. Koma kolera ndi bakiteriya, ndipo madzi omwewo amanyamulanso tizilombo tina tomwe sitimveka pa wailesi.

Mwezi uno tili ndi mtsikana wophunzira za labu amene wabwera kudzazolowera ntchito. Ndinamukhazika pa maikulosikopu ndi chimbudzi cha mwana wa zaka 4 amene wakhala akutsegula m'mimba kwa nthawi yaitali, mimba ili tuu, thupi likutha. Sanachedwe kundiitana. "Asisi, pali kanthu kakugubuduzika apa." Kanali ka Giardia, kachilombo ka selo imodzi komwe kamamatirira m'matumbo aang'ono n'kumalepheretsa chakudya kulowa m'thupi. Ndinamuuza kuti Antonie van Leeuwenhoek wa ku Holland anaona kachilombo kameneka mu 1681 m'chimbudzi chake chomwe, pogwiritsa ntchito kagalasi kopanga yekha. Anaseka, kenako anabwereranso kukayang'anitsitsa.

Chomwe ndinafuna kuti agwire lero n'chakuti tizilombo ta selo imodzi ta m'mimbati timakhala m'maonekedwe awiri. Tikakhala m'matumbo timayenda, timadya, timaswana, koma tikatuluka kunja sitikhalitsa. N'chifukwa chake chimbudzi chamadzi chimafunika kuchiyeza chisanazizire. Tina timadzikuta ndi chikungwa cholimba, omwe timawatcha ma cyst, ndipo amenewa ndiwo amapirira m'madzi, pamasamba a repu ndi m'zikhadabo mpaka atalowa m'kamwa mwa munthu wina. Pagalasi lina tinapeza ma cyst a Entamoeba. Iye anafuna kulemba msanga kuti histolytica, yoyambitsa kamwazi ndi chotupa cha mafinya m'chiwindi. Ndinamuletsa. Pali mbale wake, Entamoeba dispar, wosavulaza, ndipo ma cyst awo sungawasiyanitse ndi maso. Ukaona kachilombo koyenda kali ndi maselo ofiira a magazi mkati mwake, pamenepo ndiye ungalimbe mtima. Zimandipweteka kuona anthu akugula Flagyl pa kantemba mimba ikangolira, osayezetsa, chifukwa ena amamwa popanda chifukwa, pomwe ena ali ndi Cryptosporidium yomwe Flagyl saigwira, ndiponso siifa ndi klorini wamba wothira m'madzi akumwa. Imeneyi imazunza kwambiri ana aang'ono ndi anthu omwe chitetezo chawo chatsika ndi HIV. Kuwiritsa madzi ndiko kumaipha.

Mpaka masana inali ntchito ya masiku onse. Odwala malungo anali ochepa, ndipo ambiri mwa iwo anali oti angobwera kumene kuchokera ku Luapula kapena kum'mawa, monga zimakhalira mumzinda uno.

Chomwe chandikhazika pansi kulemba usiku uno chinachitika cha m'ma 2 koloko. Anabwera bambo wina, akazi ake atamugwiriziza, ali ndi kapepala kopempha kuyezanso malungo. Kathabwa koyezera malungo mwamsanga, ka RDT, kanaonetsa mzere umodzi, kutanthauza kuti mulibe. Mayiwo anapukusa mutu. "A dokota, kulikonse akutiuza zomwezo. Coartem amwa, thupi silizizira. Mutu ukuwawa, usiku sagona, masana angokhalira kusinza." Ndinafunsa, "Amayi, abambowa ayendako kuti miyezi yapitayi?" Anati amagula nsomba zouma ku Luangwa Bridge, ndipo ulendo womaliza analowa mkati ndithu, kukagona kumisasa ya asodzi. Kenako anakwinya buluku la amuna awo n'kundionetsa chilonda chouma pamwendo. Anati chinayamba ngati chithupsa atalumidwa ndi ntchentche ya m'tchire.

RDT ndi chida chabwino, ndipo yapulumutsa ana ambiri kumidzi komwe kulibe maikulosikopu. Koma imayankha funso limodzi lokha. Yambiri yomwe timagwiritsa ntchito imafunafuna puloteni ya kachilombo ka malungo ka Plasmodium falciparum yotchedwa HRP2. Ikaipeza imati alipo, ngakhale munthu atachira kale masabata angapo apitawo, chifukwa puloteniyo imachedwa kutha m'magazi. Ikapanda kuipeza, sinenanso china. Tsono munthu wotentha thupi akabwezedwa kunyumba ndi Panado chifukwa cha mzere umodziwo, pomwe palibe wamufunsa kumene wachokera, ine ndimaona kuti ntchito yasiyidwa pakati.

Ndinatenga dontho la magazi a pachala, n'kuliphimba ndi kagalasi kopyapyala, osathira utoto. Poyamba ndinangoona maselo ofiira akugwedezeka pakona imodzi ngati pali chowakankha. Nditasuntha pang'ono ndinakaona, kakatali, kosongoka, kakudzipotokola ngati mlamba m'madzi osaya. Pafupi panali kena. Ndinaitana akulu athu a mu labu, bambo amene anagwirapo ntchito kuchigwa zaka zambiri. Anayang'ana kanthawi n'kunena mawu amodzi: "Kaodzera." Tinapaka magazi ena pagalasi, kuthira utoto wa Giemsa, ndipo tizilomboto tinaoneka bwinobwino tili panja pa maselo, osati mkati mwake monga ta malungo timakhalira. Mtsikana uja ndinamusiya ayang'ane mpaka atakhutira, chifukwa ambiri amamaliza maphunziro ataona kachilombo kameneka pachithunzi pokha.

Matendawa ndi akwathu kuno kuposa mmene ambiri timaganizira. Mu 1910, Stephens ndi Fantham ku Liverpool anafotokoza mtundu watsopano wa Trypanosoma, kachilombo koyambitsa kaodzera, womwe anaupeza m'magazi a Mngelezi amene anautengera kuchigwa cha Luangwa, n'kuutcha rhodesiense potengera dzina la dziko lino panthawiyo, Rhodesia. Mu 1912 Kinghorn ndi Yorke, akugwira ntchito m'chigwa chomwecho, anaonetsa kuti wofalitsa ndi kashembe wa mtundu wa Glossina morsitans. Mpaka lero odwala amachokera madera monga Chama, Mpika, Mambwe, Nyimba ndi Rufunsa, komanso m'mbali mwa Kafue National Park. Rufunsa ili m'chigawo cha Lusaka chomwechi, pa Great East Road, msewu womwe tonse akum'mawa timadutsa popita kumudzi. Kachilomboka kamasungika mu nyama za m'tchire monga mbawala ndiponso mu ng'ombe, choncho sungakathetse pongochiza anthu. Kashembe amaluma masana, amakopeka ndi nsalu zakuda ndi zabuluu, ndipo amatsatira galimoto kapena njinga yoyenda.

Mtundu wa gambiense wa ku Congo ndi kumadzulo kwa Africa umatha kudwalitsa munthu pang'onopang'ono kwa zaka. Wathuwu ndi wothamanga. M'masabata ochepa umatha kuchoka m'magazi n'kulowa mu ubongo, ndipo wosalandira mankhwala amamwalira m'miyezi yowerengeka. Kathabwa koyezera mwamsanga ka mtundu uno kulibe. Chomwe tili nacho ndi maikulosikopu ndi munthu amene wakumbukira kuyang'ana. Kusinza masana komwe mayi aja ananena ndiko kunandidetsa nkhawa, popeza kumasonyeza kuti mwina ubongo wakhudzidwa kale.

Kwa zaka zambiri, wodwala amayamba watengedwa madzi a pamsana kuti aone pomwe matenda afika. Akakhala asanafike ku ubongo ankapatsidwa suramin. Akafika, panali melarsoprol yekha, jakisoni wopangidwa ndi poizoni wa arsenic, wowotcha mitsempha. Mwa odwala 100 omulandira, 5 mpaka 10 ubongo umatupa, ndipo pafupifupi theka la amenewa amamwalira. Akulu athu aja amaukumbukira mankhwalawo ndipo safuna kuukamba kwambiri. Tsopano kuli mapiritsi a fexinidazole, omwa masiku 10 pamodzi ndi chakudya, omwe anayesedwa ku Rumphi ku Malawi ndi ku Uganda. Mu 2024 bungwe la WHO linawaika patsogolo pochiza rhodesiense kwa odwala a zaka 6 kupita m'mwamba olemera makilogalamu 20 kapena kuposerapo. Mankhwala a kaodzera sagulitsidwa m'mafamase, amaperekedwa ulere kudzera ku WHO ndi boma.

A clinical officer anabwera okha kudzaona pagalasi, n'kuimba foni kuchipatala chachikulu ndi ku ofesi ya zaumoyo ya m'boma, chifukwa matendawa ndi ofunika kulengeza. Podikira ambulansi ndinakhala ndi mayi aja pabenchi. Anandifunsa ngati ana angatengere pogona nyumba imodzi, ndinawauza kuti ayi, sapatsirana pokhudzana kapena podyera mbale imodzi. Kenako anati kumsasa kuja amuna awo anali ndi mlamu wawo, amene tsopano ali ku Chongwe ndipo nayenso wakhala akudandaula mutu. Ndinawapempha amuimbire pomwepo. Anayankha mkazi wake, ndipo ndinamuuza kuti asadikire Loweruka, abwere naye mawa m'mawa, ndipo kulikonse komwe angayambire kupita anene kuti anali kuchigwa ndipo analumidwa ndi kashembe. Magalasi a lero tawasunga m'bokosi kuti ophunzira ena adzaonepo. Mlamuyo akafika, ndapempha kuti ku resepishoni asamuimike pamzere.