Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Nkhonya za pa TV ndili pa wilitcheya

Gawo lapitalo ndinalekezera pomwe a fiziyo (ophunzitsa odwala masewera olimbitsa thupi) anandiuza kuti tsopano nkhondo yatsala ndi ya mtima. Ine ndinavulala pa C7, m'munsi mwa khosi. Miyendo ikasiya ntchito, minofu ikuluikulu yomwe imawotcha shuga ndi mafuta imafota, ndiye matenda a mtima amabwera mwakachetechete. Chida changa cholimbitsira mtima ndi Nintendo Wii, makina a magemu a pa TV omwe anatuluka mu 2006, ndipo gemu yake ndi nkhonya za mu Wii Sports.

Poyamba mangani mabuleki a wilitcheya, chotsani mkodzo, muone kuti paipi ya mkodzo sinapindike. Lamba wapamimba amathandiza kuti BP isatsike. Zala zanga sizigwira, choncho rimoti ndi Nunchuk (kachida kogwira ndi dzanja linalo) amandimangira m'manja ndi bandeji, osathina kwambiri. Ikani mabatire awiri a AA apadera pafupi.

Vuto la gemuyi ndi loti imanyengeka. Mukangogwedeza dzanja pang'ono, munthu wa pa TV uja amaponya chibakera champhamvu, inu mtima uli phee. Mapointi mupeza, koma thupi silinagwire ntchito. Ponyani mkono wonse kuchokera paphewa, mubweze, muponyenso winawo. Bowling ndi gofu, magemu ena a mu Wii Sports, n'zocheza chabe, kudikira kumachuluka.

Malangizo a akatswiri kwa ovulala msana amati mphindi 20 kawiri pa sabata zimalimbitsa thupi, koma kuti mtima ndi shuga zipindule pamafunika mphindi 30 katatu pa sabata. Yambani ndi mphindi 5, mupume, mubwerezenso. Popuma weramirani kutsogolo kuti matako apepukidwe, kuopa zilonda.

Musadalire kugunda kwa mtima pokha. Mitsempha yothamangitsa mtima imatulukira m'mwamba mwa msana, kuyambira pa T1, fupa loyamba pansi pa khosi, ndiye kwa ife ovulala pakhosi uthengawo sufika bwino. Mtima wanga umathera cha m'ma 120 pa mphindi ngakhale ndili wefuwefu. Muyeso wabwino ndi mpweya: muzitha kuyankhula mawu ochepa, koma kuimba nyimbo kukanike.

Thukuta nalo silituluka bwino, choncho sewerani m'mamawa, makamaka mu Okutobala, muli ndi kabotolo kopopera madzi kumaso ndi m'khosi. Phewa likayamba kubaya lekani tsiku limenelo. Mapewa omwewo ndi amene amakukwezani pabedi.

Chomwe ndimachiopa kwambiri ndi autonomic dysreflexia, yomwe imagwira ovulala msana pa T6 (moyang'anizana ndi chifuwa) kupita m'mwamba. Mutu umawawa ngati akukhoma msomali, nkhope imafiira kapena kutentha, mphuno zimatsekeka, BP n'kukwera mwadzidzidzi. Musagone pansi. Khalani tsonga, masulani lamba, bandeji ndi nsapato, kenako fufuzani paipi ya mkodzo, chifukwa nthawi zambiri gwero lake ndi chikhodzodzo chodzaza. Zikapanda kusintha m'mphindi zochepa, thamangirani kuchipatala, ndipo wokusamalirani adziwiretu dzina la vutoli kuti akalitchule pofika.