Kagetsi ka check engine ndi sensa yaulesi ija

Mwezi wathawu kagalimoto kanga kanayamba kumwa petulo ngati kali ndi ludzu la ku Nsanje mwezi wa Okutobala. Ine ndimanyamula anthu pa app, tsiku lonse ndili pa M1 kuchoka ku Rosettenville mpaka ku Sandton uko, ndiye mafuta ndimawawerengera ngati mchere wobwereka. Thanki imene imandifikitsa Lachisanu inayamba kutha Lachinayi m'mawa, kenako kagetsi kachikasu ka check engine, kochenjeza kuti injini ili ndi vuto, kanayaka osazimanso. Kuno ku Joni mtengo wa mafuta amausintha Lachitatu loyamba la mwezi uliwonse ndiye poyamba ndinkanamizira zimenezo, mpaka nditaona kuti akutha msanga ndi malita enieniwo osati marandi okha.

Ndili ndi kachipangizo kaja ka ELM327, kobaya pa OBD2, pulagi yolumikizira ku kompyuta ya galimoto kunsi kwa chiwongolero, n'kumawerenga pa foni. Kanatulutsa khodi ya vuto, P0133. Tanthauzo lake n'loti sensa ya oxygen yoyamba, imene imakhala pa paipi ya ekizosi utsi usanafike pa catalytic converter, chipangizo choyeretsa utsi, ikuyankha mochedwa. Sinafe ayi, yangochita ulesi.

Ntchito yake ndi kununkhiza utsi. Injini ya petulo imafuna magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la mafuta, ndiye sensa imauza kompyuta ya galimoto ngati mafuta achuluka kapena achepa. Akachuluka imapereka pafupifupi 0.9 volts, akachepa imatsika kufika cha pa 0.1, ndipo injini ikatentha bwino imayenera kumangovinavina pakati pamenepo, kukwera kutsika pafupifupi kamodzi pa sekondi. Ikakalamba uthenga umafika mochedwa ngati kalata ya kumudzi, kompyuta imakonza zinthu zimene zadutsa kale. Izi ndikunena za masensa a mtundu wakale ngati yanga ya mawaya 4, magalimoto ena atsopano ali ndi ya wideband imene siivina chonchi, musaipatse mlandu yosalakwa.

Uchitsiru wanga unali apa. Ndinaichotsa, kuiviika mu petulo usiku wonse, kuibwezera, kufufuta khodi, basi n'kumadzimva kuti ndine makaniko. Masiku atatu kagetsi kaja ngwee, kayakanso, ndili ndi kasitomala m'galimoto pa Empire Road.

Ndiye ndinapita kwa madala ena a kwathu ochokera ku Mangochi, amakonza magalimoto kuseri kwa nyumba cha ku Turffontein. Ndinafika ndi ndalama ya sensa yatsopano m'thumba. Iwo anangoseka, amvekere mphwanga, khodi ikatchula sensa sikuti wakuba ndi sensayo, mwina iyo ndi mboni chabe. Ndinati ndamva achimwene, koma mumtima ndikuti madalawa akungofuna kundichedwetsa.

Anayamba ndi live data, kuona pa foni zimene sensa ikupereka injini ikulira. Injini itatentha anaigwira pa 2500 rpm, mzere wa mavolts a sensa pa foni m'malo movina umangoyenda pang'onopang'ono pakati pa 0.3 ndi 0.6. Anaponda moto kamodzi mwamphamvu, imayenera kudumphira ku 0.9 nthawi yomweyo koma inachita kukwawa, atasiya moto kutsikanso kwake kokayikakayika. Long term fuel trim, muyezo wa mmene kompyuta ikusinthira mafuta, inali pa +14 peresenti, kusonyeza kuti kompyuta ikuwonjezera mafuta poganiza kuti akuchepa. Apa m'pamene anati tidikire injini izizire.

Tinadya nsima kaye. Injini itazizira anathira madzi a sopo pa manifold, polumikizira ekizosi ku injini, n'kuiliza, thovu linangoti fuu pa gasiketi. Inali itapsa mbali imodzi. Kabowo kotere kamayamwa mpweya wa panja kulowa mu ekizosi, sensa n'kumaona oxygen wambiri, kompyuta n'kumathira mafuta osafunika. Kaphokoso ka tiki tiki kamene ndinkamva m'mawa uliwonse n'kumati ndi kuzizira kwa ku Joni kanali komweko, eti. Ndikanangogula sensa n'kuika ndekha kagetsi kakanabweranso ndipo ndikanatukwana ogulitsa osalakwa.

Komabe nayonso sensa inali yotha. Ataichotsa ndi soketi ya 22 mm ija yong'ambika m'mbali kuti waya adutse, kumutu kwake kunali koyera ngati yapakidwa ufa. Madala anati imeneyo ndi silikoni, winawake m'mbuyomu anamata chivundikiro cha injini ndi silikoni wamba osati wolembedwa kuti sensor safe, ndipo nthunzi yake imapha sensa mwakachetechete. Oyilo wopsa ndi madzi a mu radiator akamalowa mu injini amaiwononganso. Zoterozo petulo sangatsuke, ndinangotaya usiku wanga. Hita ya mkati mwake anaiyeza ndi multimeter pa mawaya awiri ofanana mtundu, inali bwino, n'chifukwa chake P0135, khodi ya vuto la hita, sinatuluke.

Tinapita ku Jules Street kukasaka sensa yatsopano. Zotchipa za universal zoti udule mawaya n'kulumikiza wekha zinalipo, ine maso anali pomwepo, koma madala anakana, akuti siginolo yake ndi yosakwana ndi volt imodzi yomwe, polumikiza pakangochita dzimbiri wabwerera pomwe unayambira. Tinagula ya pulagi yake yeniyeni, thumba linalira ndithu. Gasiketi yatsopano, kagirisi ka anti-seize pang'ono pa mazinga pokha osakhudza kumutu, kuyamba kumanga ndi dzanja kenako sipanala, waya kumudutsitsa kutali ndi paipi yotentha.

Titafufuta khodi tinayenda pa M2 kupita ndi kubwerera, mzere uja ukuvina 0.1 mpaka 0.9 ngati wamva ng'oma. Patatha sabata fuel trim inatsika kufika pa +3, thanki ikufikanso Lachisanu. Za malipiro madala anatenga theka lokha, theka linalo akuti ndidzawapatse usipa ndi kilombero katundu wa kumudzi akafika pa Park Station, ndiye ndauza kale alongo anga aike paketi yowonjezera.