Zaka zisanu za jimu yathu, kuyambira pa zitini za simenti

Mwezi uno jimu yathu yakwanitsa zaka zisanu chiyambireni kulandira anthu olipira, ndipo ndaona kuti ndi bwino ndilembe mbiri yake kuti amene amadutsa pamsewu wathu n'kumamva zitsulo zikulira adziwe kumene tinachokera. Ambiri akalowa masiku ano n'kuona mabenchi anayi, magalasi apakhoma ndi zitsulo zopakidwa penti, amaganiza kuti kumbuyo kwathu kuli bwana wina amene anathiramo ndalama zake. Zoona zake n'zakuti jimu imeneyi inayambira kuseri kwa nyumba ya mayi anga ku Chilobwe, mumzinda wa Blantyre, patsinde pa mtengo wa mapeyala, ndipo katundu wake yense anali zitini ziwiri za penti ndi paipi imodzi ya madzi.

Munali m'chaka cha 2020, pamene mliri wa Covid-19 unachititsa kuti masukulu atsekedwe ndiponso mpira uime. Ntchito imene ndinkagwira m'sitolo ina ku Limbe inatha, ndipo ine ndi anzanga atatu tinkangokhala pakhonde tsiku lonse. Tinatola zitini za malita asanu, tinathiramo konkire, n'kuzika paipi pakati pake isanaume. Chitini chilichonse chinkalemera pafupifupi makilogalamu 12. Benchi tinakhoma ndi matabwa otsala pomangira, ndipo patapita nthawi makaniko wina wapafupi anayamba kutipatsa zitsulo zakutha za magalimoto zimene tinkazikoloweka papaipi ija. Panalibe amene ankadziwa kanyamulidwe koyenera pakati pathu. Chimene tinkadziwa chinali kupikisana, ndipo wonyamula chitsulo cholemera kwambiri ndiye ankatchedwa dolo tsiku limenelo.

Mpikisano umenewo ndi umene unandigoneka pamphasa milungu itatu. Tsiku lina atsikana ena akudutsa, ndinawonjezera zitsulo kuposa mphamvu zanga, ndinawerama msana utapindika ngati uta, ndipo nditangodzutsa chitsulocho ndinamva kuwawa koopsa m'chiuno. Ndinalephera ngakhale kuvala nsapato ndekha. Mayi anga ankandibweretsera phala akudandaula kuti, "Mwana wanga, anzako amavulala akugwira ntchito, iwe ukuvulala ndi simenti youmba wekha." Ndinalibe choyankha, chifukwa ankanena zoona.

Amene anandiwongola ndi bambo wina wachikulire wa m'dera lathu, yemwe ankanyamula zitsulo pa nthawi imene anali msilikali. Atamva za kuvulala kwanga anabwera kudzandizonda, ndipo nditachira anandipeza kuseri kuja atanyamula nsungwi yaitali. Anandiuza kuti, "Achimwene, zitini zanuzo ziikeni kaye pambali. Mwezi uno munyamula nsungwi iyi." Ndinachita manyazi kwambiri chifukwa anzanga ankandiseka, koma ndinamvera. Anandiphunzitsa kunjuta mapazi ataponda pansi monse ndiponso mawondo akuloza kumene zala zakumapazi zaloza. Anandiphunzitsa kutola chinthu pansi msana uli wowongoka, chitsulo chikuyenda pafupi ndi miyendo, mphamvu zikuchokera m'ntchafu ndi m'matako. Anandiphunzitsanso kukoka mpweya n'kulimbitsa mimba ndisanadzutse chitsulo. Nsungwi imeneyo ilipobe mpaka lero, ili pakona pafupi ndi chitseko, ndipo munthu aliyense watsopano amene walowa mujimu yathu amayambira pa iyo, kaya ndi wamkulu thupi bwanji.

Lamulo limeneli latithawitsira makasitomala angapo, makamaka anyamata amene amabwera ataonera makanema a adzitho pafoni n'kumafuna kuti mwezi ukamatha malaya awathine m'mikono. Komabe ndi lamulo lomwelo limene lamanga bizinesi yathu, chifukwa makolo ndi amayi apabanja amatikhulupirira podziwa kuti kuno munthu savulazidwa. Woyamba kumene akadziwa kayendedwe ka thupi ndi nsungwi, timamupatsa chitsulo chachitali chopanda kanthu m'mbali mwake. Chitsulo chimenechi pachokha chimalemera makilogalamu 20 ndipo n'chotalika mamita 2.2, pamene cha amayi chimalemera makilogalamu 15, choncho si chinthu chochipeputsa. Timamuphunzitsa masewera ochepa okhudza thupi lonse, omwe ndi sikwati (kunjuta), deadlift (kutola chitsulo pansi), bench press (kukankhira chitsulo m'mwamba atagona chagada pabenchi), kukankhira chitsulo m'mwamba ataimirira ndi kukokera chitsulo pamimba atawerama. Pa masewera alionse amachita maseti atatu, ndipo pa seti iliyonse amabwereza maulendo 8 mpaka 12. Akatha kuchita zimenezi bwinobwino osapindika, timawonjezera makilogalamu 2.5 okha, n'kulemba m'kope lake. Amabwera katatu pamlungu, tsiku limodzi likudutsa pakati, chifukwa minofu imakula pamene munthu akupuma ndi kugona, ndipo gawo la thupi limene lagwira ntchito yolemetsa limafuna maola pafupifupi 48 kuti libwerere m'chimake.

Pali zinthu ziwiri zimene ndimauziratu aliyense tsiku loyamba kuti asadzatinene kuti tinamunamiza. Choyamba n'chakuti thupi lidzaphwanya kwambiri tsiku lachiwiri akachita masewera, mwina mpaka kuvutika kukwera minibasi, ndipo kuphwanya kumeneko kumatha pakapita masiku ochepa. Kuwawa kobaya m'bondo, paphewa kapena pamsana n'kosiyana ndi kuphwanya, ndipo akakumva ayenera kusiya pomwepo n'kutiuza. Chachiwiri n'chakuti m'milungu yoyambirira mphamvu zimakwera msanga pamene thupi silikuoneka kusintha, chifukwa nthawi imeneyo ubongo ndi mitsempha zimakhala zikuphunzira kugwiritsa ntchito minofu imene ilipo kale. Kusintha koti n'kuoneka pagalasi kumabwera pakatha miyezi iwiri kapena itatu, ndipo ambiri amene amasiya amasiyira pakati pomwepa.

Nkhani ya zakudya ndi imene imatitengera nthawi yaitali, chifukwa anthu anauzidwa kuti wonyamula zitsulo ayenera kugula ufa wa m'zigubu wochokera kunja. Ufa umenewo si woipa, koma mtengo wake ndi wa anthu ochepa, ndipo zimene uli nazo zimapezeka pamsika wa Limbe kapena pa okala yapafupi. Munthu wofuna kukulitsa minofu amafunika mapuloteni okwana pafupifupi magalamu 1.6 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku, kutanthauza kuti wolemera makilogalamu 60 amafunika magalamu oyandikira 100. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6 okha, choncho mazira awiri am'mawa sakwanira. Koma akawonjezera nyemba, soya pisi, usipa, matemba, mtedza ndi chambiko, nsima ili pambali yopatsa mphamvu, amafikapo popanda kugulitsa foni yake. Za mankhwala obaya kapena akumwa okulitsa minofu msanga, amene amatchedwa masteroidi, ndiye mujimu yathu ndi oletsedwa kotheratu. Amawononga chiwindi ndi mtima, amakweza kuthamanga kwa magazi ndiponso amatha kuchepetsa mphamvu yobereka. Mnyamata wina tinamuchotsa chifukwa chogulitsa mankhwalawa kwa anzake kuseri kwa chimbudzi, ngakhale kuti anali wolipira mokhulupirika.

Chakumapeto kwa 2020 anthu obwera kuseri kwa nyumba anali atachuluka moti mayi anga analibenso poyanika zovala. Mkazi wanga anatenga ngongole kubanki m'khonde ya gulu lawo, ndipo tinachita lendi chipinda chimene kale chinali chigayo. Wowotcherera wa m'dera lathu anatipangira mabenchi awiri ndi poimika chitsulo, ndipo anavomera kuti tizimulipira pang'onopang'ono. Chaka chotsatira tinaganiza zogula zitsulo zenizeni, ndipo m'pamene tinakumana ndi wamalonda wina amene ankati amaitanitsa katundu ku Johannesburg. Tinamupatsa theka la ndalama, iye n'kutilonjeza milungu itatu, koma katunduyo anafika patatha miyezi isanu, foni yake ikungoitana osayankhidwa. Zitsulo zitafika zinali zonyezimira bwino, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Tinazitengera pasikelo ya wogula chimanga, ndipo chitsulo cholembedwa 20 chinkalemera makilogalamu 17, china 18. Wamalonda uja akawerenga nkhaniyi adzidziwa yekha, ndipo adziwenso kuti zitsulo zake tinazilembanso manambala oona ndi penti yoyera, chifukwa sitingalole kuti kasitomala wathu azinyadira kulemera kumene sananyamule.

Zonsezi zinali zazing'ono poyerekeza ndi zimene zinachitika m'mwezi wa Marichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagwetsa mvula yosalekeza ndipo matope ndi miyala zinatsika kuchokera m'phiri la Soche kulowa m'nyumba za anthu ku Chilobwe. Sindingalembe za katundu wathu ndisananene kuti anthu ambiri anataya miyoyo, ndipo ena mwa anyamata athu anataya makolo ndi abale awo. Masiku oyambirira palibe amene anaganizako za jimu. Anyamata amene tinkanyamula nawo zitsulo anali m'gulu la anthu ofukula matope ndi makasu ndi mafosholo, akugubuduza miyala pofunafuna anthu okwiririka. Nditapita kukaona chipinda chathu patatha mlungu, ndinapeza khoma lakumbuyo litagwa, denga litapendekeka, mabenchi ndi makope onse a makasitomala zitapita ndi madzi. Zitsulo zokha ndi zimene zinatsala chifukwa cha kulemera kwake, koma zinali pansi pa matope ofika m'chiuno. Tinazifukula chimodzichimodzi kwa masiku anayi, n'kuzikwecha dzimbiri ndi mchenga ndi oyilo wakutha. Nsungwi ija tinaipeza itakodwa pamtengo wina kumunsi kwa msewu.

Pofuna kutsegulanso msanga ndinalakwitsa kwambiri, chifukwa ndinapita kwa wakatapila. Munthuyo ankadziwa bwino lomwe zimene zinatigwera, popeza ndi wa m'dera lomwelo, koma chiwongoladzanja chimene anaika chinali ngati akubwereketsa munthu wopita kukachita malonda a phindu lalikulu. Mwezi uliwonse ankafika pakhomo tsiku lisanakwane, ndipo tsiku lina anafuna kunyamula chitsulo chathu chachitali ngati chikole makasitomala akuona. Ndinamaliza kumubweza nditalipira pafupifupi kawiri ndalama imene ndinatenga. Tisanapume n'komwe, mu Novembala chaka chomwecho ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya simenti, malata ndi zitsulo inakwera nthawi yomweyo. Makasitomala ambiri anasiya kubwera chifukwa ndalama ya jimu inkapikisana ndi ndalama ya ufa. Miyezi imeneyo ndinkagona ndikuwerengera, ndipo kawiri konse ndinatsala pang'ono kugulitsa zitsulo zonse kwa ogula zitsulo zakutha. Mkazi wanga ndi amene anakana, ndipo anati ngati n'kugulitsa tigulitse wailesi ndi sofa, zitsulo zikhale.

Lero tili m'chipinda chokulirapo, chakumtunda kumene madzi safika, ndipo awiri mwa anyamata amene anayambira pa nsungwi akukonzekera kudzayesa mwayi pa mpikisano woonetsa minofu wa Mr Malawi. Chimene chimandinyaditsa koposa ndi gulu la amayi obwera m'mawa, ena a iwo azaka zopitirira 50, amene poyamba ankaopa kuti zitsulo ziwasandutsa amuna, koma tsopano amanena okha kuti ndowa yamadzi yapepuka ndiponso mawondo asiya kuvuta pokwera chitunda.

Ndikuthokoza mayi anga, amene anapereka bwalo lawo ndi kupirira phokoso kwa miyezi yambiri. Ndikuthokoza mkazi wanga pamodzi ndi amayi onse a banki m'khonde, amene anatikhulupirira pamene tinalibe chikole chilichonse. Ndikuthokoza bambo wachikulire uja, amene mpaka lero amabwera Loweruka kudzakhala pampando n'kumadzudzula aliyense wopinda msana, kuphatikizapo ine. Ndikuthokoza wowotcherera wathu, amene anapanganso mabenchi pambuyo pa namondwe osafunsa kuti ndalama ibwera liti, makaniko amene anatipatsa zitsulo zoyamba, ndi eni nyumba amene anatikhululukira lendi ya miyezi iwiri. Ndikuthokozanso anyamata onse amene anafukula zitsulo m'matope popanda malipiro, a mpingo wathu amene anatipempherera ndi kutisonkhera malata, ndi makasitomala amene anapitiriza kulipira mwezi ndi mwezi pamene tinkachitira masewera panja, denga lisanakhomedwe. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga la jimu ino lasenzedwa ndi mitu yambiri kuposa imene ndingathe kuitchula pano.

Pokondwerera zaka zisanuzi, aliyense amene sanagwirepo chitsulo chibadwire adzaphunzira mlungu woyamba kwaulere mwezi uno wonse, ndipo adzakhala ndi mphunzitsi pambali pake pa seti iliyonse. Timatsegula 5 koloko m'mawa ndi kutseka 8 koloko madzulo, kuyambira Lolemba mpaka Loweruka, ndipo nthawi ya 8 mpaka 10 koloko m'mawa ndi ya amayi okha. Mungathe kulipira patsiku, pamlungu kapena pamwezi, pamanja kapena kudzera pa Airtel Money ndi Mpamba, ndipo ophunzira a sekondale ndi a m'makoleji ali ndi mtengo wawo wotsikirapo. Ngati muli ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, la mtima kapena la shuga, kapena munavulalapo msana, yambani mwaonana ndi achipatala ndipo mudzatiuze zimene akulangizani. Pobwera mutenge botolo la madzi, kathaulo, nsapato zafulati ndi kope laling'ono lolembamo zimene mwanyamula, ndipo mukafika ku Chilobwe mufunse aliyense wa kabaza kuti akulozereni kujimu ya nsungwi.