Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Chaka cha ku Leeds

M'gawo lapitali ndinalekezera pomwe ndinali mphunzitsi wa Chingerezi pa sekondale ina ku Ulónguè, m'dera la Angónia ku Mozambique, nditamaliza licenciatura, digiri yoyamba ya ku yunivesite. Anzanga a ku Maputo ankadabwa kuti mwana wa ku Angónia Chingerezi anachitola kuti. Anandipatsa ndi nkhondo. Tinathawira ku Dedza ndili wamng'ono, ndipo zilembo ndinaziphunzirira pa sukulu ya ku Malawi. Mgwirizano wa mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992 tinabwerera kwathu, ine nkuyamba Chipwitikizi kuchokera pansi, koma Chingerezi chija sichinandichoke. Mozambique italowa mu Commonwealth mu 1995, chinthu chomwe ndinachitola pothawa chinayamba kukhala ndi msika.

Bolsa, thandizo la ndalama zophunzirira, yomwe ndinapeza kuti ndikapitirize maphunziro kunja inali ya Chevening, ya boma la Britain. Amafuna munthu yemwe wagwirapo ntchito zaka ziwiri, amalipira mestrado (digiri yachiwiri) ya chaka chimodzi, ndipo ukamaliza uyenera kubwerera kwanu kwa zaka ziwiri. Mayeso a Chingerezi a IELTS ndinakalembera ku Maputo, ulendo wa basi wa makilomita oposa 1,500 kuchoka ku Tete. Kalata yondivomera itafika, amayi anasiya kusankha nyemba nkundiyang'anitsitsa.

"Mwananga, Chingerezicho si uja ukuphunzitsa kale ana a eni? Nanga kumeneko ukukaphunziranso chiyani?"

"Amayi, ndikukaona komwe chinachokera."

Ndinayankha pongofuna kuwakhazika mtima pansi, koma ndi zomwe zinachitikadi.

Ndinasankha University of Leeds chifukwa alembi otchuka a mu Africa, Wole Soyinka ndi Ngũgĩ wa Thiong'o, anaphunzira kumeneko, ndipo ndinkafuna kuponda momwe anaponda. Za kuzizira sindinena zambiri. Ife a ku Angónia chisanu cha June timachidziwa, chomwe chinandivuta ndi mdima wofika isanakwane 4 koloko madzulo mu December. Kaphunziridwe kokha ndiko kanali kachilendo. Palibe wolemba pa bolodi kuti mukopere. Mumawerenga nokha sabata yonse, kenako mumakhala mozungulira tebulo anthu ochepa, aphunzitsi nkufunsa maganizo anu, ndipo mukawatsutsa ndi umboni amakondwera. Ankafunanso kuti tiziwatchula dzina lawo loyamba. Pakamwa panga, pomwe panazolowera kunena "aphunzitsi" ndi "senhor professor", panatenga miyezi kuti pavomere.

Phunziro lomwe linandigwira mtima linali la mbiri ya chiyankhulocho. Ine ndinakula ndikuganiza kuti Chingerezi chinabadwa chitavala kale suti. Ayi ndithu. Anthu a ku Normandy atagonjetsa England mu 1066, kunyumba ya mfumu ndi kwa akuluakulu kunkamveka Chifalansa, kutchalitchi ndi m'mabuku Chilatini, pomwe Chingerezi chinatsalira alimi ndi antchito. Panapita zaka pafupifupi 300 kuti mu 1362 akhazikitse lamulo loti milandu izikambidwa m'Chingerezi, chifukwa anthu ankaweruzidwa m'chiyankhulo chomwe sankachimva. Nditawerenga zimenezi ndinakumbukira amalume atayima pa ofesi ya boma, chipewa m'manja, akudikira mwana wa sukulu kuti awamasulire nkhani ya munda wawo womwe.

Kenako anatitengera ku laibulale ya Brotherton kukaona zosungidwa za Survey of English Dialects, kafukufuku wa kayankhulidwe ka Chingerezi m'madera osiyanasiyana a England. Kafukufuku ameneyu anamutsogolera Harold Orton wa ku Leeds komweko pamodzi ndi Eugen Dieth wa ku Zurich. Kuyambira 1950 mpaka 1961 ofufuza anayenda m'malo 313, ambiri mwa iwo midzi, ndi mafunso oposa 1,300, kufunafuna okalamba omwe anabadwira pamalopo ndipo sanasamukepo. Ankawafunsa za ng'ombe, za ngolo, za kukolola, za ziwalo za thupi, nkulemba katchulidwe ka liwu lililonse, ena nkuwajambula mawu. Ndinamvetsera nkhalamba ina ya ku Yorkshire ikufotokoza za ulimi ndipo zambiri sindinazimve. Koma yunivesite yonse yaikuluyo inaona kuti mawu a mlimi wosapita patali ndi sukulu ndi oyenera kusungidwa mosamala. Agogo anga a ku Dómuè anamwalira ndi miyambi yawo, ndi mayina a mitengo ndi a mbewu zakale, popanda wowajambula ngakhale mphindi imodzi, ine mdzukulu wawo wophunzira ndilipo. Usiku umenewo tulo sitinabwere.

Ndinapita ku Leeds ndi maganizo olemba za mabuku a alembi a mu Africa. Itakwana nthawi yosankha mutu wa dissertation, nkhani ya kafukufuku yomalizira digiri, ya mawu pafupifupi 15,000, ndinasintha. Ndinafuna kulemba za kalasi yanga yomwe. Mwana wa ku Tsangano amafika pa sukulu akudziwa Chichewa chokha. Timamuphunzitsa m'Chipwitikizi chomwe sanachigwire bwino, kenako Chingerezi timamufotokozera kudzera m'Chipwitikizi chomwecho, chonsecho mphunzitsi ndi mwana onse amalota m'Chichewa. Ine ndimati kumeneku nkumulakwira mwanayo. Ndiponso boma linayesapo kale njira ina: pakati pa 1993 ndi 1997 ntchito ya PEBIMO inaphunzitsa ana m'Chinyanja kuno ku Tete ndi m'Chichangana ku Gaza asanalowe m'Chipwitikizi, ndipo pambuyo pake maphunziro a ziyankhulo ziwiri analowa m'ndondomeko ya sukulu za pulayimale. Funso langa linali loti bwanji chiyankhulo cha kunyumba chisathandizenso pophunzitsa Chingerezi.

Mphunzitsi wamkazi yemwe ankandiyang'anira pa kafukufukuyu anavomera mutuwo, koma anati popanda mawu enieni a m'kalasi palibe chomwe ndingatsimikize, ndipo pafunika chilolezo cha komiti ya yunivesite, cha akuluakulu a sukulu ndi cha makolo a ana. Ndalama zobwerera kumudzi pakati pa chaka ndinalibe. Ndinayamba kuimbira aphunzitsi anzanga a ku Ulónguè, Dómuè ndi Tsangano, kuwapempha kuti ajambule maphunziro awo pa foni. Momwe anandiyankhira, ndi zomwe ndinamva m'mawu omwe ananditumizira, ndidzafotokoza m'gawo 10.